Chitsulo cha mkuwa kuseri kwa nyumba ya atate

Achimwene anga amakhala mumzinda wa Tete, kumene amagwira ntchito yoika makina oziziritsa m'nyumba, aja amati arikondisyonadu. Chaka china mu Mayu anatsika shapa, minibasi ya kwathu kuno, ku Tsangano atanyamula makina otero, ogwirapo kale ntchito, atawakulunga m'bulangete lakale. Anthu a pamsika anaseka. Kwathu ndi kumapiri, mu Junyu zala zimachita kuuma m'mawa, ndiye zoziziritsa n'zachiyani?

"Awa amafunditsanso," achimwene anauza atate titafika kunyumba. "Mukadina apa, amatulutsa mpweya wotentha. Chifuwa chija chizikupatsaniko mpata."

Chimwalirire amayi, atate ankatsokomola nyengo yozizira iliyonse. Ankagona ndi mbaula m'chipinda, ndipo ine amene ndinkakhala nawo ndinkaopa utsi wake. Za makinawo atate sanakane, sanavomerenso. M'mawa mwake anangotulutsa mpando n'kukhala padzuwa kuti aone ntchitoyo.

Achimwene anayamba ndi kuzimitsa magetsi a nyumba yonse. Chigawo chimodzi cha makinawo anachikhoma m'chipinda cha atate, china chachikulu anachikweza pazitsulo kuseri kwa nyumba, m'mwambako ndithu kuti matope a dzinja asamachifike. Anaboola khoma n'kudutsitsa timapaipi ndi nthambo, ndipo makinawo anawapatsa chozimitsira chawochawo. Ine ndinkawagwirira makwerero. Panatsala nthambo imodzi yobiriwira ya mizere yachikasu, ikungolendewera.

"Nanga iyo yaiwalika?" anafunsa atate.

"Iyi ndi tera, atate. Imapita m'nthaka. Magetsi akathawira m'chitsulo cha makinawa, azitsikira pansi m'malo mogwira munthu."

Anatulutsa ndodo yaitali ya mkuwa, naiimika pafupi ndi khoma, n'kuyamba kuikhomera pansi ndi nyundo. Poyamba inkalowa bwino. Itafika cha pakati inaima, ndipo kulira kwake kunasintha, kunkamveka ngati akumenya chidebe. Achimwene anati ndi mwala, asunthire pena. Atate anadzuka pampando.

"Mbali ino kulibe miyala. Tatenga khasu, mwanawe."

Achimwene anakumba mozungulira ndodoyo, ine ndikuchotsa dothi ndi beseni. Dzenje litafika m'mawondo tinaona chivindikiro cha dilamu laling'ono, chodyeka ndi dzimbiri, ndodo ija itachiboola pakati. Atate anagwada pamphepete pa dzenjelo.

Nkhani ya dilamu limeneli tonse tinkaidziwa. Pamene tinkathawa nkhondo kupita ku Malawi, ine ndili wamng'ono, amayi anaika m'dilamumo katundu amene sakanatha kusenza, n'kulikwirira patsinde pa mtengo wa pichesi. Titabwerera nkhondo itatha, tinapeza nyumba itapsa, mitengo itadulidwa, pamalo ponse pali thengo. Atate anamanga nyumba ina pamene ankaganiza kuti panali yakale. Amayi anakumba kangapo cha kumunsi, pafupi ndi khola, pamene panali chitsa china. Ndimakumbukira ndikuwaona ataweramira kumeneko masana, ife tikuchokera kusikola. Kenako anasiya, ndipo sankaitchulanso nkhaniyo.

"Ndiye kuti pichesi uja anali pano," anatero atate. "Nyumbayi ndinaimanga cha kumunsi kwa pamene panali yakale. Amayi anu ankalondola bwino, kungoti ankawerengera pa khomo lolakwika."

Dilamulo silikanatuluka lathunthu, choncho tinkatulutsa zinthu chimodzichimodzi. Nsalu zinali zitaola, zinkangothetheka m'manja. Koma munali mbale zachitsulo zoyera za mkombero wabuluu, ketulo, masipuni omangidwa pamodzi, ndi simbi yamakala. Mbale imodzi inali itabooka ndi ndodo ya achimwene. Iwo anaitembenuza m'manja mwawo, napepesa.

"Usadandaule," anatero atate. "Popanda kuiboola sitikanazipeza."

Ndinakatsuka mbalezo ndi phulusa. Zambiri zinayera bwinobwino, kupatula m'mphepete momwe dzimbiri linadya. Atate anazindikira imodzi yothothoka pansi, anati ndi imene ankadyera ali mkamwini kwa agogo. Anafotokoza mmene amayi anagulira mbalezo atagulitsa mbatatesi ya munda wawo woyamba, ndi mmene anakanira kuti ana azizigwira. Atate anaseka pang'ono.

Ntchito ija inatha madzulo. Achimwene anati dzenjelo latithandiza, chifukwa dothi lake linali lofewa ndi lachinyezi. Tinachotsa zidutswa za dilamu, iwo anakhomera ndodo mpaka pansi, anathira makala osinja mozungulira, n'kumangirira nthambo yobiriwira ija ndi kachitsulo kothina. Anayeza ndi kachipangizo kawo, anakhutira, ndipo tinakwirira. Atayatsa makinawo, kunja kunamveka kulira kwapansipansi, m'chipinda munayamba kufunda. Atate anatambasula dzanja kumpweyawo n'kugwedeza mutu.

Chaka chimenecho mbaula sinalowenso m'chipinda, ndipo chifuwa chinachepako, ngakhale sichinathe. Mbale zija atate anatigawira. Achimwene anatenga yobooka ija ndi ketulo kupita nazo ku Tete, mng'ono wanga wa ku Furancungo tinamutumizira ziwiri ndi masipuni. Zotsalazo timadyera masiku onse. Simbi ija ndinaikwecha ndi mchenga, ndipo magetsi akathima Loweruka ndimasitira malaya a atate a kutchalitchi.