Inde Ameneyu Ndi wa Funso Liti?

Pamsika panalibe amene ankawatchula dzina la pachiphaso. Onse ankangoti a Eriyo, ngati eriyo ya wailesi, chifukwa anali aatali, oonda, ndipo munthu akamawalankhula ankapendeketsa mutu ngati akusaka siteshoni. Anakonza mawailesi pakhonde la sitolo ya zitsulo kwa zaka 34. Benchi lawo linali chitseko chakale chogoneka pa migolo iwiri, ndipo pamwamba pake pankakhala zitini za timisomali, masipika ong'ambika ndi chitsulo chowotcherera mawaya chimene chogwirira chake anachikulunga ndi mphira wa njinga. Mafoni atabwera, anzawo onse anathamangira kokonza mafoni, koma iwo anakana. Ankati foni imafa osatsanzika, pamene wailesi imayamba yadandaula, ndipo wamakutu amamva pomwe pakupweteka.

Akazi awo ankagulitsa nsalu pamzere wachitatu wa msika womwewo. Anali mayi wapakamwa pachangu, woti kasitomala asanamalize kufunsa, iwo atambasula kale nsalu yomuyenera. M'mawa wina akupachika nsaluzo anagwa ndi sitiroko. Anabwerako kuchipatala dzanja lamanja litafa, mawu atatsala ochepa, komanso otuluka pa nthawi yawoyawo. Mukawafunsa ngati akumva kuzizira ankangokuyang'anani. Kenako, inu mutayamba kale kusesa, mumamva kumbuyo kwanu akuti, "Mchere."

Mwana wawo anali mmodzi, wamkazi, ndipo ankaphunzitsa sukulu m'tauni ina ya ulendo wa maola asanu ndi limodzi pa basi. Ngakhale bambo ake ankamutchula kuti Aphunzitsi. Anafika patchuthi maganizo atamanga kale: awatenga amayi ake. Nyumba yake inali pafupi ndi chipatala chowongola ziwalo, ndipo bafa linali m'kati. Lachitatu m'mawa anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba monga amachitira m'kalasi.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Mutu ukupweteka? Mankhwala aja mwamwa? Ndikutsegulireni windo? Tinyamuke Loweruka tikakhale kwathu, eti?"

Patapita kanthawi mayiwo anati, "Inde."

"Mwamva, Ababa? Avomera okha."

A Eriyo anamvadi. Anakhala pamodzi ndi mayiwo zaka 37, ndipo tsopano kunatsala masiku atatu.

Lachinayi anali pabenchi akuyesa wailesi ya munthu imene anali atangoisintha sipika. Itayamba kulankhula, munali pulogalamu ya sayansi. Woulutsa ankanena za chombo chimene anthu anatumiza m'mlengalenga kale mu 1977. Chinadutsa mapulaneti akuluakulu, chinapitirira malire a kumene mphepo ya dzuwa imafika, ndipo tsopano chili m'chipululu cha pakati pa nyenyezi. Koma chikutumizabe uthenga. Kawailesi kake n'kofooka ngati babu la m'filiji, moti kuno amachitchera khutu ndi madishi aakulu ngati bwalo la mpira lodula pakati. Uthenga umodzi umayenda maola pafupifupi 23 kuti ufike.

Zambiri a Eriyo sanazimvetse. Dzuwa lili ndi mphepo? Ikuwomba chiyani kopanda mitengo? Chombo chopanda munthu chimadziwa bwanji kumene kuli kwawo kuti chilozeko? Koma za mafunde a wailesi ankazidziwa, ndiyo inali ntchito yawo. Anang'amba katoni n'kutenga pensulo kukhutu. Mafundewo amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Pa ola ndiye 1,080,000,000. Kuchulukitsa ndi 23, maziro anatuluka kunja kwa katoni, mpaka anapitirizira pabenchi penipeni. Mabiliyoni pafupifupi 25.

Telala wa pakhonde lomwelo, mnzawo wa zaka zambiri, anaimitsa makina. "Achimwene, mukulemba mazira angati pamenepo? Mwayamba kuweta nkhuku?"

A Eriyo anamufotokozera. Telala anaseka mpaka ulusi unagwa pakamwa.

"Ndiye kuti ndikachipatsa moni lero Lachinayi, 'ndili bwino kaya inu' afika Loweruka? Amenewo ndi apongozi, si chombo! Nanga ukafunsa lero, mawa n'kufunsanso china, udziwa bwanji kuti yankho lafikali ndi la funso liti?"

Makina anayambanso kulira, koma a Eriyo anayamba kuwerengera, pensulo m'manja. Mafunso a Aphunzitsi dzulo lija anali asanu. Inde anali mmodzi. Anali wa Loweruka? Wa mankhwala? Wa windo? Anakumbuka "mchere" uja. Kodi tsiku limenelo sanawafunse m'mawa ngati chakudya chikusowa kanthu? Kapena linali dzana lake? Sanathe kukumbukira. Ndipo mumtima munali liwu lina lowanyoza: iwe nkhalamba, ukuopa kutsala wekha, wayamba kubisala kuseri kwa nyenyezi.

Anatseka benchi dzuwa likadali pamutu. Kunyumba anapeza Aphunzitsi akupinda zovala za amayi ake n'kumaziika m'sutikesi.

"Mwana wanga, taima kaye. Amayi akowa ali ngati chombo."

"Mchombo wawo watani?"

"Chombo! Cha kumwamba. Chili kutali, batire latha mphamvu, koma chikumva. Kungoti yankho limachedwa panjira."

"Ababa, mwadya masana ano?"

Anayambiranso, ulendo uno mwadongosolo, mpaka anatulutsa katoni ya maziro ija. Aphunzitsi anaiyang'ana, n'kuyang'ana bambo ake monga amayang'anira mwana wobwera ndi chifukwa chatsopano chosalembera ntchito ya kunyumba.

"Adokotala sananene za chombo chilichonse. Amayi akufunika chipatala, ndipo inu simungawanyamule nokha kupita kubafa. Msana wanuwo ndani sakuudziwa?"

"Sindikukana. Ndikungoti inde uja sitikudziwa mwini wake. Ukawanyamula asakufuna, adzakuuza liti? Mutafika kale?"

Aphunzitsi anakhala pa sutikesi. Anapangana chonchi: Lachisanu m'mawa afunsa funso limodzi lokha, ndipo palibe wofunsanso kanthu m'nyumbamo mpaka yankho litafika. Likapanda kufika pomwe dzuwa likulowa, inde wa Lachitatu agwira ntchito.

Nthawi ya 8 koloko a Eriyo anakoka mpando n'kukhala kumbali ya dzanja lamoyo. Anali atakonza mawu ambiri, koma anawadula monga amadulira waya wotsalira.

"Amayi, mupite ndi mwanayu?"

Mayiwo anawayang'ana. Maso anali awo omwe aja, akuthwa, koma pakamwa panali potseka.

Nyumba yopanda mafunso ndi yovuta kukhalamo. Aphunzitsi anabweretsa madzi n'kutsegula pakamwa kuti afunse, bambo ake n'kukweza chala. Anakonza pilo osafunsa ngati ili bwino. Kawiri konse anathawira kukhitchini kukadzifunsa yekha. 9 koloko inadutsa, 10 koloko inadutsa. A Eriyo anali chikhalire, mutu wopendekeka, osadziwa ngati akudikira yankho kapena akungozunza mwana wawo.

Itangokwana 11 koloko, pawindo panatulukira mutu wa telala. Anabwera kudzaona chimene chatsekera benchi.

"Odi kuno! Sindikhalitsa, ndasiya makina okha. Mlamu, mukuoneka bwino lero. Muswere bwino!"

A Eriyo anamukupiza ndi manja onse awiri ngati akuthamangitsa nkhuku pa ufa. Telala anachoka akudabwa kuti walakwanji. Mawu ake anali atalowa kale.

Patatha mphindi 40, mayiwo ananyambita milomo. Nsagwada inagwedera, khosi linalimbana, ndipo liwu linatuluka lomveka bwino.

"Nanunso."

Bambo ndi mwana anayang'anizana.

"Amenewo ndi a telala," Aphunzitsi ananong'ona. "Muswere bwino, nanunso. Ndi moni chabe."

"Koma langa linanyamuka 8 koloko. Lake lingadutse bwanji langa panjira?"

"Moni ndi wopepuka, Ababa, amathamanga. Ndiponso 'nanunso' ndi yankho la mtundu wanji pa funso la inde kapena ayi? M'kalasi ndikanathetha."

A Eriyo anali atakonzekera mayankho awiri okha. Mayiwo akati ayi, sutikesi imasulidwa. Akati inde, awaperekeza kudepoti n'kubwerera kunyumba yopanda munthu. Liwu lachitatuli silinali pa katoni. Anafuna kufunsa kuti amayi, mukuyankha ndani, koma limenelo likanakhala funso lina panjira yodzaza kale. Anangogwira mutu.

Pamenepo mayiwo anadzutsa dzanja lamanzere. Linasochera kaye cha kukhomo, kenako linatsika n'kuloza kunsi kwa kabati, kumene kunali nsapato zakuda za a Eriyo, zovala pa ulendo wokha.

"Nsapato," anatero. Anapuma, n'kuwakoka amuna awo malaya. "Zanu. Nanunso."

Aphunzitsi anaphimba pakamwa ndi dzanja. Kenako anadzuka n'kukwera pampando kukatsitsa sutikesi yachiwiri pamwamba pa kabatiyo.

A Eriyo anatola nsapato zija n'kuzipukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Pabenchi panali mawailesi a anthu 11, anayi otsegula m'mimba, ndipo basi inali ya mawa m'mawa. Kutauni ya Aphunzitsiyo kuli khonde loti munthu n'kugonekapo chitseko? Anthu ake amamverabe wailesi? Anatembenukira kwa akazi awo.

"Nanga benchi, amayi?"

"Limenelo ndi funso lina, Ababa," Aphunzitsi anatero ali pampando pomwepo. "Mukayankhidwa tili m'basi. Landirani sutikesiyi."