Thiransifoma ya Mawaya Atatu

Anthu a mumsewu wathu amangowatchula kuti a Mawaya, ndipo dzina lawo lenileni mwina amalidziwa ndi akazi awo okha. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wovala magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi. Kale ankakonza mafiriji pakampani ina. Kampaniyo itatsekedwa, anapempha malo pakhonde la telala, anaikapo tebulo, n'kuyamba kukonza mawayilesi, matochi ndi simbi zamagetsi.

Apongozi awo aakazi atamwalira, apongozi aamuna anabwera kudzakhala nawo. Mkuluyu anagwira ntchito yocheka matabwa moyo wake wonse, ndipo phokoso la makina linamudya makutu. Chimene chinamutsalira chinali wayilesi. Ankakonda nyimbo za kwaya ndi mpira, koma kuti amve, ankaikweza mpaka mbale za mukabati zinkanjenjemera.

Kuseri kwa khoma kunkakhala namwino amene ankagona masana akaweruka kuntchito ya usiku. Anapirira, kenako anakadandaula mwaulemu kwa akazi a Mawaya. Mayiwo anakauza bambo awo, mokuwa ndithu chifukwa panalibe njira ina. Mkuluyo anangogwedeza mutu, anazimitsa wayilesi, anaiphimba ndi kansalu, ndipo sanaiyatsenso. Ankangokhala pampando manja ali pamaondo, kuyang'ana khoma.

"Bambo akutha ndikuona," mayiwo anauza amuna awo. "Inu mumakonzera anthu apamsewu. Kunyumba kuno mulibe nzeru?"

A Mawaya anayamba ndi mahedifoni. Atawalumikiza ku wayilesi, apongozi anamvetsera pang'ono n'kuwavula.

"Muli udzudzu umu, akamwini. Ukulira kutali."

Panafunika kabokosi kokweza mawu asanafike m'makutu. A Mawaya anachotsa kachipangizo kakuda, kakang'ono ngati chikhadabo, m'chilimba chakufa, n'kumanga ampulifaya pakabolodi. Koma kachipangizoko sikankafuna magetsi wamba. Kankafuna a mbali ziwiri.

"Mawu amakwera n'kutsika," anafotokozera telala, amene ankasuzumira uku akusoka. "Ndiye kamafuna magetsi ena okankha m'mwamba, ena okokera pansi, pakati pakhale ziro."

"Kanthu kakang'ono chonchi kayamba kale mitala?" anatero telala.

Poyamba anaikamo mabatire awiri, lina la kumwamba, lina la pansi. Zinatheka, ndipo apongozi anamva nyimbo bwinobwino. Koma mabatirewo sankachedwa kutha, ndipo limodzi linkafooka lisanafooke linzake. Zikatero mawu ankasasa ngati munthu wa chifuwa. Tsiku lina mkuluyo anabweza kabokosiko atakakulunga m'mpango.

"Mwayesetsa, akamwini. Zisiyeni. Makutu okalamba asakuvutitseni."

A Mawaya analandira ndi manja awiri. Mawa lake anaphimba tebulo lawo ndi pulasitiki n'kuyamba kusaka thiransifoma, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi a kukhoma, yotulutsa mawaya atatu, wapakati kukhala ziro uja. Machaja a foni anali mbwee paliponse, koma onse amapereka mbali imodzi yokha. Anzawo okonza mawayilesi ankangopukusa mitu. Wina anati zinthu zotero zinapita ndi makaseti.

Mawu amenewo ndi amene anawatsogolera kwa mayi wina wogula zitsulo zakutha kuseri kwa magalaja. Mayiyo anawaloza mulu wa zinthu zadzimbiri pansi pa lata.

"Fukulani, achimwene. Koma mukapeza njoka ndi yanu."

Anafukula mpaka malaya anada. Pansi penipeni panali wayilesi ya makaseti yothyoka chogwirira, makoswe atamangamo chisa. Atatsegula, anaona thiransifoma yolemera ngati mwala, mawaya awiri abuluu ndi wakuda pakati. Anaipukuta ndi mpango wawo wa m'thumba.

Kumanga kwake sikunayende myaa. Mbali ya pansi zonse zimaikidwa chozondoka, ndipo dzanja lozolowera linawapusitsa: kapasita imodzi, kachitini kosunga magetsi, anaiika motembenuza. Atangoyatsa, inaphulika ngati mfuti, timapepala take n'kumwazikira pa diresi loyera limene telala ankasoka. Telala sanawalankhule mpaka madzulo. A Mawaya atakonza zimenezo, mita yoyezera magetsi inaonetsa bwino mbali zonse ziwiri, koma m'mahedifoni munkalira njuchi yosatopa. Anayesa izi ndi izo, mpaka anachotsa thiransifoma ija n'kuiika m'bokosi lakelake, patali ndi ampulifaya. Njuchi inathawa.

Kunyumba, akazi awo anayang'ana waya wopita kukhoma, n'kuyang'ananso mahedifoni.

"Bambo, musandiphere kholo ndi magetsi m'makutu."

"Muli fyuzi, mayi. Ndipo magetsi a kukhoma sadutsa thiransifoma."

"Fyuzi sindimudziwa ine. Valani kaye inuyo."

A Mawaya anavala, n'kukhala nawo pamutu nthawi yonse imene mayiwo ankasita zovala, akuwayang'anitsitsa ngati akudikira utsi. Kenako a Mawaya anagwada pafupi ndi mpando wa apongozi, anachotsa kansalu pa wayilesi, n'kuwaveka mahedifoni mosamala. Anakweza pang'onopang'ono mpaka mkuluyo anatukula chala.

Kunali kwaya. Apongozi anatsinzina, chala chija chinayamba kumenya pabondo. Posakhalitsa anayamba kuimba nawo besi, ndipo poti sankadzimva, analiimba mokweza kuposa mmene wayilesi inkalirira. Mwana wawo, mkazi wa a Mawaya uja, anagwira pakamwa, kuseka ndi misozi pamodzi. Kuyambira pamaliro a mayi ake anali asanamvepo bambo ake akuimba.

Namwino uja anagogoda. A Mawaya anatuluka akukonzekera kupepesa, koma iye anati amangofuna kuona amene akuimba.

"Asiyeni," anatero. "Mawu a munthu ndimagona nawo. Chimandivuta ndi sipikala yong'ambika."

Patapita masiku, apongozi anaitana mkamwini wawo n'kunena kuti pali dandaulo limodzi. A Mawaya anaganiza kuti china chapsa.

"Chingwechi n'chachifupi. Ndikufuna kukhala panja."

A Mawaya anaika chingwe chachitali chodutsa pawindo. Masiku ano mukadutsa pakhomo pawo masana a Loweruka, mupeza mkuluyo ali pakhonde, mahedifoni kumutu, akulengeza zigoli kwa aliyense wodutsa, kaya wafunsa kaya sanafunse. Ogulitsa makala amaima kaye kuti amve amene akutsogola, ndipo akafunsa, amachita kulemba ndi chala m'mwamba poti mkuluyo sangawamve.