Chidindo cha Bwana wa pa Esiteti

Kachithunzi kaja ndikadali nako, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ndinakajambulitsa pa Namitete, kuseri kwa golosale, nsalu yoyera atayikhomera pakhoma. Bulauzi yomwe ndavalamo si yanga, ndi ya aphunzitsi anga a Chingerezi, ndipo kolala yake yandikulira. Wojambula anandiuza kuti pa zithunzi za boma samwetulira, ndiye ndinatseka pakamwa. Zinzake zinapita pa mafomu, aka kanatsala.

Chinali chaka chomwe dzina langa linatuluka kuti ndasankhidwa kupita ku yunivesite. Tinkakhala pa esiteti ya fodya, ulendo wa njinga kuchokera pa Namitetepo. Makolo anga anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti ine ndisanabadwe. Bambo anamwalira dzinja la chaka chomwecho, fodya ali m'chigafa, ndipo amayi anamaliza okha kusoka ndi kusankha. Fodya atagulitsidwa ananena kuti basi, tikubwerera kwathu. Amalume anali atatumiza uthenga kuti awasungira munda, ndipo mitengo ya nyumba adula kale. Amayi anali ndi chifuwa chouma chosatha, ndipo kuchipatala anali atawauza kuti atalikirane ndi fumbi la fodya. Anamanga katundu m'zitenje, mapoto m'thumba la feteleza, n'kumadikira lole yobweza matenanti.

Mafomu a ngongole ya boma anabwera nawo ndi aphunzitsi aja, pa njinga, atawakulunga m'nyuzipepala. Anandifotokozera kuti boma limalipirira fizi ndi chakudya ophunzira osauka, ndipo munthu amabweza akayamba ntchito. Popanda ngongoleyo, kusankhidwa kwanga kukanathera pa dzina. Tinalemba limodzi, poyamba ndi pensulo kuopa kulakwitsa. Pofunsa ntchito ya bambo ndinalemba kuti anamwalira, ndipo ndimachitabe manyazi kukumbukira kuti aphunzitsi atanena kuti zimenezo zithandiza, mumtima ndinamva kupepuka.

Tsamba lomaliza ndi lomwe linativuta. Linkafuna munthu waudindo wotidziwa, woti asayine ndi kudinda kuti ndife osaukadi.

Tinapita kwa amfumu a mudzi woyandikana ndi esiteti. Anatilandira bwino, anatiyalira mphasa, anandiyamikira kuti ndakhoza. Kenako anati, "Ndimakuonani, mayi, koma sindinu anthu anga. Ndinu anthu a bwana." Sanalankhule mwachipongwe, ndipo lero ndikuona kuti sankanama. Amfumu a ku Phalombe nawo anali asanandionepo, masiku operekera mafomu anali akutha, ndipo ya basi yopita ndi kubwerera inalibepo. Ndinabadwira m'boma la Lilongwe, ndinaphunzira komweko, koma panalibe mudzi wonditcha mwana wake.

Aphunzitsi atafunsafunsa, anabwera ndi yankho lakuti chidindo cha wolemba ntchito kholo chikhoza kulandiridwa.

Ofesi ya esiteti inali chipinda chimodzi cha malata, chonunkha dizilo ndi fodya wonyowa. Amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Pakhomo anandiuza kuti nditsale panja, iwo n'kulowa ndi akapitawo. Ndinakhala pa tayala la thirakitala, mphepo ya Ogasiti ikundithira fumbi m'maso. Ndinkamva mawu a bwana osamveka bwino, ndi chifuwa cha amayi. Anachedwamo. Potuluka anagwira pepalalo ndi manja awiri.

"Usakhudze, inki sinaume," anatero.

Ndinayenda patsogolo pawo njira yonse, ndikuyang'ana chidindo chobiriwiracho. Titafika kunyumba, amayi anamasula zitenje zija n'kubwezera mapoto pamalo pake. Nditawafunsa, anangoti, "Kwathu kulipo, tidzapita chaka chamawa." Sindinafunsenso.

Zomwe zinakambidwa mu ofesi muja ndinadzazimva patapita zaka, kwa akapitawo atakalamba. Chaka chimenecho matenanti ambiri ankachoka, ndipo bwana anafunsa kuti angadinde bwanji kuti mayiyu ndi wantchito wake pamene mawa akukwera lole. Amayi anapempha kuti awalembe nyengo ina. Akapitawo anawakumbutsa kuti munda womwewo ankaulima awiri ndi bambo. Iwo anati aulima.

Lole inabwera, anzathu anakwera, ana akuimba pamwamba pa matumba. Amayi sanatuluke m'nyumba. Ine tsiku limenelo ndinali pa minibasi ndi aphunzitsi, kukapereka mafomu m'tauni, ndikuwerenga zikwangwani za pa Chitedze ndi pa Njewa ngati munthu amene wayamba kale moyo wina. Pamzere panali ana ena ovala nsapato zabwino, ofika pa galimoto za makolo awo, nawonso atagwira mafomu onena kuti ndi osauka. Ndinkaopa kuti chidindo changa achikana. Olandira mafomu sanachiyang'ane n'komwe.

Ngongole ndinaipeza. Amayi sanafike pogulitsa fodya wa nyengo imeneyo. Anagwa m'chigafa mwezi wa Malichi, ine ndili m'kalasi, ndipo anaikidwa kumanda a alendo kumapeto kwa esiteti, pafupi ndi bambo. Amalume anafika mwambo utatha. Boma ndinalibwezera zake zonse nditayamba ntchito, ndipo anandipatsa kalata yondithokoza.

Tsiku lomwe ndinanyamuka kupita ku yunivesite, amayi akadali moyo, linali la dzuwa loswa mtengo. Ndinadzuka amayi atapita kale kudambo, kunazale ya fodya. Ndinawatsatira nditavala zapaulendo, chikwama chili pamutu. Ndinawapeza akuchokera kuchitsime ndi makeni awiri, miyendo ili matope, akuima pang'ono kuti apume. Ndinkayembekeza kuti andiperekeza mpaka kumsewu, monga ankachitira makolo a anzanga. Anatula makeni, anandikonza kolala ndi dzanja lonyowa, n'kunditsinira mtedza wokazinga womwe anamanga pa nsonga ya chitenje.

"Pita, mwanawe. Ndikachoka pano mbandezi zipsa."

Ananyamulanso makeni aja. Ndinayenda ndekha mpaka kumsewu nditakwiya, ndikudziuza kuti amayi anga aona fodya wa bwana kukhala wofunika kuposa ine.