Mkanjo Wofiira wa a Namondwe

Ndikukumbukira mkanjo wofiira wa a malume anga a Filimoni. Unali wa nsalu yoterera, yonyezimira padzuwa, ndipo kumsana kwake kunali zilembo zimene zinafufutika kalekale ndi sopo. Ankauvala pamwamba pa malaya popita kumsika wa ku Tsangano, pamodzi ndi nsapato zoyera mbee. Kwathu kumazizira, anthu amavala majekete akuda a pakaunjika, ndiye munthu wofiira chotere ankaoneka akadali tsidya lina la phiri.

Anali mlongo wawo wa amayi. Ali mnyamata anapita kumigodi ya ku Joni, ndipo kumeneko, mwa kunena kwawo, anali katswiri wa nkhonya wa komboni yonse. Dzina lawo la nkhonya linali Namondwe. Ankati polowa m'bwalo ankayamba avina kaye ngoma, nthenga kumutu, chishango m'manja, mpaka mdani wawo mawondo ankagundana belu lisanalire. Pofotokoza zimenezi ankadumphadumpha ndi zala za kuphazi, zibakera zili m'malere, nkhuku zikubalalika. M'thumba la mkanjowo munkakhala mpango woyera ndi kabotolo ka mafuta odzola, oti nkhope izing'anima tsiku lonse.

Pankhani ya a malume mudzi unagawikana. Anyamata ankakhulupirira zonse. Amayi ankati mlongo wawo sanama, amangochulutsa mchere. Koma abambo anga, amene anachita kubwera kudzakwatira pamudzipo, ankati munthu amene sanaonekepo akumenya ngakhale galu wakuba mazira sangakhale katswiri. Akakumana, nkhani inali yomweyo.

"Alamu, mphuno yanuyi inaphwatalala bwanji ngati womenya munali inuyo?"

"Ndinabadwa nayo, alamu. Funsani akazi anu."

"Ndinafunsa. Akuti munapita nayo yosongoka."

Ine sindinkaikapo mlomo. Ndinali mwana wamanyazi kwambiri, ndipo mpaka pano sanathe. Ndikatumidwa kwa akuluakulu ndinkangogwada, maso pansi, kudikira kuti andione okha. Nthawi zina ndinkadikira mpaka mawondo kuchita dzanzi. A malume ndinkawadziwa nsapato ndi mkanjo, nkhope yawo ndinali ndisanaiyang'anitsitsepo.

Chaka chimene ndinali sitandade 3, m'nyengo yozizira, tinkakumba mbatata ya kachewere kudimba, pafupi ndi kamtsinje. Dothi linkanunkhira chinyezi, zala zinkaluma ndi mphepo. Amayi anandituma kukapereka thobwa kwa abambo, amene anali kumapeto kwa mzere. Ndinagwada kumbuyo kwawo ndi chikho changa. Ndikanangoti "Ababa", zonse zikanathera pomwepo, koma manyazi anandiletsa. Ndinasendera pafupi kuti mwina aona chithunzithunzi changa. Nthawi yomweyo anatembenuka kuti ayambe mzere wina, khasu lili m'mwamba, ndipo nsonga yake inandipeza pamwamba pa diso lakumanzere.

Poyamba sindinamve kuwawa. Ndinamva kutentha, kenako mbali imodzi ya dziko inafiira. Amayi anathamanga akulira kuti diso la mwana lapita. Abambo anaima ngati chitsa, kenako anatapa dothi kuti atseke nalo bala, monga ankachitira akadzitema kuphazi. Chipatala chinali ku Tsangano, njira yokwera ndi kutsika mapiri, ndipo magazi sankasiya.

"Tayani dothilo, alamu."

Anali a malume. Linali tsiku la msika, ndipo ankadutsa m'kanjira ka m'mbali mwa dimba atatchena monga mwa nthawi zonse. Koma mawu awo anali achilendo, apansipansi, opanda nthabwala. Anasamba m'manja ndi madzi athu akumwa, anatsuka bala, analigwira ndi zala ziwiri kuti milomo yake ikumane, n'kukanikizapo mpango woyera uja. Kenako anatuma abambo kuti akaviike mumtsinje supuni yovundulira thobwa. Abambo, amene sankatumidwa ndi mlamu wawo ngakhale kukapala moto, anathamanga. Supuni yozizirayo a malume anaikanikiza pansi pa diso kuti lisatupe.

"Tamala, yang'ana ine," anatero. "Osati pansi, ine. Puma ndi mphuno. Diso lilipo, ndikuliona, likundiyang'ana moipa."

Ndinayang'ana. Kanali koyamba kuyang'ana munthu wamkulu m'maso. Pafupi chonchi, mafuta aja sankabisa kanthu. Nsidze zawo zinali zodukaduka, ndipo pamwamba pa maso onse awiri panali zipsera zoyera, zopyapyala ngati ulusi, zina kudutsana ndi zinzake. Ndinaiwala kulira, ndinatanganidwa ndi kuziona.

"Ukafuna kulira, lira," anatero, "koma usagwe. Belu silinalire."

Anagwira choncho osasuntha, mpaka amayi anasiya kulira n'kuyamba kupemphera. Atachotsa mpango, magazi anali atasiya. Anapakapo mafuta awo odzola aja, amene abambo ankati ndi a atsikana, anamanga mutu wanga ndi lamba wa mkanjo, kenako anavula mkanjowo n'kundibereka nawo ngati chitenje.

Potulukira m'dimba nsapato zoyera zinayamba kuterera m'matope. Anazivula n'kuwapatsa abambo. Ndi mmene tinalowera ku Tsangano tsiku la msika: Namondwe, katswiri wa komboni yonse, wopanda nsapato, atabereka mwana ngati mayi wopita kusikelo, abambo anga pambuyo atanyamula nsapato zoyera ndi manja awiri. Azimayi ogulitsa kabichi anaseka mpaka anaona lamba wonyowa kumutu kwanga. Kuchipatala anandisoka, ndipo anati diso silinakhudzidwe.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Tikukwera phiri lomaliza, abambo anatsokomola.

"Alamu, zikomo."

"Mwana ndi wathu tonse."

Tinayendanso pang'ono, koma abambo sakanatha kupirira mpaka kunyumba.

"Komano kutseka balaku, munaphunzirira pankhope ya ndani?"

"Ya anthu amene ndinkawamenya, alamu. Ndinkawamvera chisoni."

Ine zipsera ndinali nditaziona, koma sindinauze munthu. Ndikuganiza kuti ndi tsiku lokhalo limene manyazi anga anagwira ntchito yabwino. M'mawa mwake abambo anatenga mkanjo uja n'kukauchapa okha kumtsinje, pamwala wa azimayi, azimayiwo akuwaseka. Pobwera anati sunavute, magazi saoneka pansalu yofiira, mwina n'chifukwa chake alamu awo anasankha mtundu umenewo.

A malume anatisiya ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Masiku ano zinthu zinasintha. Njinga zamoto zimafika mpaka kudimba, ndipo nkhonya anthu amaonera pafoni, kubwereza chibakera chimodzi kangapo. Amuna anga anayesapo kufufuza dzina la Namondwe pafoni yawo, osapeza kanthu, ndipo anati mwina mkuluyo ankangokoma pakamwa. Ine sukulu ndinalekeza panjira, za malamba a akatswiri sindizidziwa. Ndimangoganiza kuti anamenyedwa kwambiri kuposa mmene ankavomerera, komanso anadzuka kambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Mwezi wathawu mwana wanga anagwa pakhonde n'kung'ambika pamphumi. Ndinangozindikira ndagwira bala ndi zala ziwiri, ndikumuuza kuti ayang'ane ine, osati pansi.

Abambo akalamba tsopano, amakhala pakhonde kuwothera dzuwa. Tsiku lina anamva amuna anga akunena zija zoti Namondwe sapezeka pafoni. Anaimirira ndi ndodo yawo n'kuyamba kufotokoza mmene Namondwe anagwetsera chimphona cha ku Joni ndi chibakera chimodzi, chimphonacho osadzuka mpaka tsiku lotsatira. Nkhani imeneyo ngakhale a malume eniake sanainenepo. Amuna anga atachoka ndinawafunsa chapansipansi ngati si iwo omwe ankati zonse zija zinali zabodza.

"Kunyoza alamu anga inali ntchito yanga," anatero. "Mwamuna wakoyo ananyamulapo nsapato zawo?"