Mapazi Khumi Kumbuyo kwa Akamwini

Pa ulendo umene ndikufotokozawu tinalipo atatu: ine, akamwini anga, amene ndi amuna a mwana wanga woyamba, ndi mdzukulu wanga wamkazi, mwana wawo wachisamba, yemwe anali atangomaliza maphunziro ake ku yunivesite. Mayi ake anatsala ku Govanhill, dera la mumzinda wa Glasgow ku Scotland kumene timakhala, chifukwa cha ntchito. Mdzukuluyo ndiye anapempha kuti tikayende masiku awiri m'mapiri a kumpoto kwa Glasgow, titabereka zikwama. Ndinavomera, popeza ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje ndipo sindinkaona choopsa pa mapiri opanda mitengo.

Ndiyenera kuyamba ndafotokoza chinthu chimodzi. Kwathu mpongozi sayandikana ndi mkamwini. Pa zaka zisanu ndi ziwiri zimene tinakhala nyumba imodzi sitinagwiranepo chanza, ndipo tikakumana pamasitepe mmodzi ankabwerera. Choncho kuyambira potsika sitima ndinkayenda mapazi khumi kumbuyo kwawo.

"Agogo, kodi adadi akununkha?" anafunsa mdzukuluyo.

"Tayenda iwe, pakamwa ngati wailesi," ndinamuyankha. Bambo ake anangoyang'ana kumbali.

Unali mwezi wa Meyi, ndipo tsiku lachiwiri kunacha ndi dzuwa. Cha kumasana, tili pamsana pa phiri, mphepo inaleka mwadzidzidzi. Kenaka sinowo anayamba kugwa, wopanda phokoso ngati phulusa, mpaka njira ndi thambo zinasanduka chinthu chimodzi choyera.

Akamwini anati mdzukulu atsogole ndi mapu a pafoni, ine ndikhale pakati, iwo agwire lamba wa chikwama changa kumbuyo.

"Ayi, tsogolani bambo," ndinatero. "Ine ndigwira chanu."

Sindinachigwire. Dzanja linakana. Ndinabwerera pa mapazi anga khumi aja, ndipo nditaweramuka pomanga chingwe cha nsapato, kutsogolo kunalibe munthu.

Ndinayenda pang'ono, osadziwa kumene ndikulowera. Apa ndi pamene ndinamva kuitana kuchokera kumanzere. Linali dzina langa la paubwana, losalembedwa mu pasipoti, ndipo amene anamaliza kulitchula ndi malemu achemwali anga aakulu. Mawuwo sanali ofuula. Anali apafupi, otopa pang'ono, monga ankandiitanira ndikamachedwetsa anzanga popita kusukulu. Ndinazindikira kuti miyendo yanga yayamba kale kuwatsatira.

Ku Mulanje tinaphunzitsidwa kuti ukaitanidwa paphiri ndi munthu wosamuona, suyankha. Ndinavula chikwama n'kuchikhalira. Dzina lija linabweranso kawiri. Kenaka chakumanja, patali, kunalira wezulo. Ndinkadziwa kuti akamwini anali ndi wezulo pakhosi, koma ndikanatsimikiza bwanji kuti woyimbayo ndi iwo? Ndikafuula, ndiye kuti ndayankha onse awiri. Ndikakhala chete, sandipeza. Zala zinali zitafa kale dzanzi.

Ndinaganiza kuti kuyimba si kuyankha. Ndinayamba nyimbo ya ku Mvano, ndikuyang'ana mawondo anga, ndipo nditaimaliza ndinaiyambanso.

Akamwini anatulukira akukwawa, ndevu zitayera. Anagwada patsogolo panga.

"Amayi, pepani. Lero ndikulakwirani."

Anandigwira pamkono mwamphamvu, osandisiya mpaka tinafika pa mulu wa miyala wosonyeza njira, pamene anakhazika mwana wawo. Mtsikanayo ankalira n'kumandikalipira m'Chingerezi chake cha ku Glasgow, chimene ndinasankha kusamva.

Mtambo utang'ambika kwa kanthawi, tinaona mapazi anga m'sinowo. Anapatuka panjira kulowera kumanzere, n'kukathera pamene ndinakhala. Kutsogolo kwake pang'ono kunali phompho.

Tili m'sitima pobwerera, mdzukulu atapita kukagula tiyi, akamwini anayankhula akuyang'ana pawindo.

"Amayi, munali ndi yani kuja?"

"Ndinali ndekha, bambo."

"Ndinamva mawu awiri. Ena ankayimba chapansi."

Achemwali anga ankayimba alito m'kwaya. Akamwini sanawaonepo, ndipo ine sindinawauze. Mdzukulu atamva nkhaniyi anati mapiri amabweza mawu. Mwina n'zoona, iye ndi wophunzira kuposa ine.

Mpaka lero tikakumana pamasitepe mmodzi amabwerera. Koma m'nyengo yozizira, msewu wa kutchalitchi ukaterera, akamwini amandipatsa mkono wawo, ine n'kuugwira.

Mdzukulu wanga, pepala ili uliike m'chikwama cha zikalata za banja, pamodzi ndi chithunzi cha achemwali anga, kuti ana ako adzadziwe chimene agogo awo aamuna anandichitira. Dzina lija sindinalilembe. Usalifunse.