Tsiku Limene Atate Anatsika M'lole

Ndikamva fungo la utsi wa dizilo m'mawa, mtima umabwerera pa Nambuma, ndili kamtsikana koyenda chapansi. Tsiku limenelo kunabwera lole yodzatenga amuna opita kumigodi ya ku Joni, ndipo atate anakwera nawo, bulangete lili m'khwapa. Ine ndinkangovinavina, poti ndinkayesa kuti Joni ndi sitolo yaikulu kuseri kwa phiri, kokagula nsapato n'kubwerako madzulo.

Injini italira, atate anatiyang'ana ine ndi amayi, kenaka n'kudumphira pansi. Anzawo anawakuwiza kuti ndi amantha. Ine ndinayamba kulira, manyazi atandigwira.

"Atate, nanga nsapato zanga?"

Anandinyamula paphewa, malaya awo akununkha fodya wa m'chigafa.

"Iwe Nabanda, atate anga anapita ulendo womwewu ine ndisanamere mano. Anatchona, nkhope yawo sindiidziwa. Ine ndizilima konkuno."

Nsapato ndinadzavala nditatha msinkhu, ndipo atate sanadandaulepo za lole ija. Lero ndikudziwa kuti amenewo sanali mantha. Anasankha kuti ana awo tiwadziwe nkhope, ndipo yawo ndimaiona ngakhale nditatsinzina.