Mkamwini wa Pamtondo

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anauma mkono ndi mwendo wakumanja, atangobadwa mng'ono wanga. Kwathu n'kumapiri cha ku Kabwazi, kumene chisanu chimang'amba milomo. Anali masiku aja a chipani chimodzi, anyamata ayunifolomu akuima pachipata cha msika kufunsa makhadi a chipanicho. Ine ndinali kamtsikana, munsi wosinjira sindinkautha n'kuunyamula komwe.

Abambo anali mkamwini pamudzi pa amayi. Paja mkamwini katundu wake ndi bulangete: zikavuta amangopinda n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala kuchikazi. Amuna ena m'mudzimo anali atachoka kale pa zifukwa zochepa kuposa apa. Ndiye ine ndikadzuka m'mawa, maso ankathamangira pachingwe pamene abambo ankayanika bulangete lawo lofiira la ku Joni. Ndikaliona, mtima unkakhala pansi.

Abale a amayi anatisinjira poyamba, koma aliyense ali ndi munda wake, ndipo chigayo chinali kutali. Ufa utatha, abambo sanapemphe munthu. Anagubuduzira mtondo pabwalo, n'kuyamba kukonola okha. Kalanga ine, manyazi ake! Chimanga chinkangothawa mumtondo, nkhuku zili pachikondwerero. Popeta, gaga yense ankathera mundevu. Azimayi opita kuchitsime ankaima ndowa zili kumutu, akunong'onezana kuti mwamunayu anamudyetsa mankhwala. Abambo ankangoyimba nyimbo zakutchalitchi, munsi ukuwombera mang'ombe.

Mbiri inafika kwawo. Tsiku lina kunatulukira azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, nkhope ili gwa. Anawapeza ali pamtondo pomwepo. Amayi anali gone pamphasa pakhonde, akumva zonse.

"Achimwene, mwatichititsa manyazi," anatero azakhali. "Ngakhale kapolo amapuma. Tiyeni kwathu, mkazi wamanja awiri takupezerani kale. Mudzimasule!"

Ndinayang'ana bulangete lija pachingwe.

Abambo anaimika munsi, n'kupukuta thukuta ndi mkono, mphete yaukwati itayera ndi gaga.

"Achemwali, mwayenda mtunda wonsewu ndi nkhani imene ine ndinaimaliza kalekale paguwa? Ndinauza Mulungu kuti pa mtendere ndi pa mavuto. Chiyambire tsiku limenelo sindidzuka n'kumadzifunsa kuti ndikhale kapena ndipite. Ndimagona tulo ine. Amene mwamangika ndi nkhaniyi ndinu."

Kenaka anawapatsa lichero. "Poti mwabwera, tandipeterani. Kumeneko ndiye kukundikanika."

Azakhali anafuna kukalipa, koma anayang'ana amayi, amene misozi inali ikutsikira m'khutu, n'kulandira lichero lija. Anapeta mphale yonse, ndipo m'mawa mwake anabwerera okha.

Ine kunyada kwake tsiku limenelo, musanene! Ndinapita kuchitsime khosi lili njo, ndikudikira woti ayerekeze kuseka. Mnzanga wina atati, "Abambo ako ndi amayi," ndinamuyankha kuti, "Eya, ndipo ako ali kuti?" Zinali zamwano, ndikudziwa, koma mpaka lero sindinalape.

Amayi anakhala ndi moyo mpaka ine kukwatiwa. Lamulungu lililonse abambo ankawakweza panjinga, n'kumaikankha chitunda chonse mpaka kutchalitchi, akuimba mluzu ngati mnyamata wopita kukafunsira mbeta.

Lero zigayo zili paliponse, mtondo ana amauona ngati mpando. Mdzukulu wanga wa ku Dedza Boma amati ukwati wapatchalitchi sangaufune, akuti akufuna ufulu, khomo lizikhala lotsekula. Sindilimbana naye. Koma ndimamuona mmene amavutikira, lero uyu, mawa uyo, mtima uli m'mwamba ngati wanga uja ndikusuzumira pachingwe. Ine anthu ndawaona ambiri, olemera ndi ophunzira omwe, koma mfulu yoposa mwamuna uja wa gaga mundevu sindinaionepo. Bulangete lofiira lija linachoka pamudzi pa amayi kamodzi kokha, tsiku limene tinawafunditsa abambo popita nawo kumanda.